Utoto wa UV pa maselo a batire ukamanata, ukamasupuka kapena ukamadutsa magetsi

Selo la batire limatuluka pansi pa nyale ya UV (ultraviolet) yolimbitsira utoto likunyezimira bwinobwino. Utoto wake wabuluu wasalala, ndipo mukaugunda ndi chala sukumata. Koma likangofika pa makina oyesera ngati magetsi akudutsa, omwe ambiri timangowatchula kuti hipot, belu limalira ndipo selolo limakankhidwira pambali. Mawa lake zomwezo. Sabata yotsatira vutolo limazimiririka lokha, aliyense n'kupumira m'mwamba, kenako mwezi usanathe labwereranso. Ndalimbana nalo vuto limeneli kwa nthawi yaitali, ndipo mawu oyamba omwe amamveka pamzere wa makina amakhala amodzimodzi: "Kwezani nyale." Kawirikawiri vuto silikhala pamenepo, ndipo pa batire kukweza mphamvu ya nyale mwachisawawa kumabala vuto lina loposa loyambalo.

Tikumbutsane kaye chifukwa chimene timagwiritsira ntchito utoto wolimba ndi kuwala. Selo la lithium-ion lomwe lathiridwa kale madzi ake a mkati, aja a electrolyte, silifuna kutentha. Opanga ambiri salola kuti lipitirire madigiri 60. Kutentha kukafika pakati pa madigiri 80 ndi 120, kagawo kopyapyala kamene kamateteza mbali ya anode, kotchedwa SEI, kamayamba kuphwasuka, ndipo kansalu ka polyethylene kolekanitsa mbali ziwiri za selo kamasungunuka cha pa madigiri 130 mpaka 135. Utoto waufa, umene umatchinga magetsi bwino kwambiri pa zitsulo zina, umafuna uvuni wa madigiri 160 mpaka 200. Selo lodzaza silingalowe m'menemo. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri maselo amakona anayi akhala akukutidwa ndi pepala labuluu la pulasitiki ya PET. Pepalalo limagwira ntchito, koma limasiya timathovu ta mpweya, limapindika movuta m'makona, ndipo maselo akamamatidwa ndi guluu mwachindunji m'bokosi la batire, guluuyo amagwira pepala osati chigoba cha aluminiyamu cha selolo. Galimoto zamagetsi zitayamba kuyendera mavolti 800, zofooka zimenezi zinayamba kuopsa kwambiri. Utoto wa UV umamatirira pa aluminiyamu penipeni ndipo umalimba m'masekondi ochepa popanda uvuni.

Timakonda kunena kuti utoto "wauma", koma kunena zoona suuma. Mulibe madzi kapena thina woti auluke. Muli mankhwala otchedwa photoinitiator amene amameza kuwala n'kusweka, ndipo tizidutswa take timachititsa kuti tinthu ta utotowo tigwirane manja n'kupanga unyolo wolukanalukana. Pamene kuwala kwafika mokwanira, palimba. Pamene sikunafike, pamakhala pamadzi kapena pofewa mpaka kalekale, ngakhale mudikire chaka. Mukaigwira mfundo imeneyi, theka la mavuto a pamzere limayamba kumveka.

Musanakhudze batani lililonse, pezani pamene paboola

Magetsi akaboola utoto amasiya chizindikiro: kadontho kakuda kapena kofiirira, nthawi zina kochepa moti kamafuna galasi lokulitsa zinthu. Sonkhanitsani maselo okanidwa okwana makumi awiri, jambulani selo papepala, ndipo paliponse pamene paboola ikanipo kadontho. Ntchito ya ola limodzi imeneyi imaposa misonkhano ya sabata yathunthu. Timadontho tikaunjikana m'makona ndi m'mphepete, nkhani ndi ya kuchepa kwa utoto pamenepo. Tikamwazikana pakati posalala popanda dongosolo, ganizirani fumbi, timathovu ndi tizitsulo. Tikakhala mbali imodzi yokha ya selo nthawi zonse, kayang'aneni nyale kapena mfuti yopopera ya mbali imeneyo. Ndipo ngati maselo amapambana tsiku loyamba koma n'kulephera atakhala pachinyezi, ndiye kuti utoto sunalimbe mpaka pansi kapena sunagwire chitsulo.

Lembaninso nthawi imene selo lililonse linapakidwa. Kufunika kwake ndikufotokoza pansipa, chifukwa ine zinandionekera.

Pamwamba pakunata

Ili ndi dandaulo lofala kwambiri pa utoto wa mtundu wa acrylate, ndipo wolakwa ndi mpweya umene tikupumawu. Magawo 21 pa 100 aliwonse a mpweya ndi okosijeni, ndipo okosijeni amalanda tizidutswa tija tisanayambe kuluka unyolo. Mkati mwa utoto okosijeni amatha msanga, koma pamwamba amangolowabe. Zotsatira zake, pansi palimba koma pamwamba pamakhala kachikopa konata kamene kamakola fumbi ndipo kamadinda zala.

Apa m'pamene anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Pali ukali wa kuwala pa nthawi imeneyo, umene timayeza mu W/cm², ndipo pali kuchuluka kwa kuwala konse kumene utoto walandira, kumene timayeza mu J/cm². Chachiwiricho ndi ukali kuchulukitsa ndi masekondi. Nyale ya 2 W/cm² ikawala sekondi imodzi imapereka 2 J/cm². Nyale ya 0.2 W/cm² ikawala masekondi 10 imaperekanso 2 J/cm². Papepala n'zofanana, koma pa utoto n'zosiyana kwambiri. Kuwala kwaukali kumabala tizidutswa tambiri nthawi imodzi moti okosijeni amachepekedwa. Kuwala kofooka kumabala pang'onopang'ono ndipo okosijeni amangotimeza timodzitimodzi. Choncho mukachepetsa liwiro la lamba woyendetsa maselo pofuna kuthetsa kunata, nthawi zambiri mumangowotcha selo, pamwamba n'kumanatabe.

Tengani radiometer, chipangizo choyezera kuwala, muiyendetse pa lamba pamtunda womwewo umene nkhope ya selo imadutsa, ndipo muyerekeze ndi manambala a tsiku limene mzere unkayenda bwino. Onetsetsani kuti radiometer yanuyo ndi yoyenera mtundu wa nyale yanu, chifukwa yopangidwira nyale za mercury imanama ikaikidwa pansi pa LED. Manambala akatsika, yambani ndi zinthu zotsika mtengo. Galasi la kutsogolo kwa nyale limagwira nkhungu ya utoto wopoperedwa, ndipo nkhunguyo imalimbira pomwepo n'kukhala ngati chotchinga. Pukutani. Onani ngati wina anasuntha nyale poikonza, chifukwa mamilimita ochepa chabe amasintha ukali kwambiri. Onani madzi kapena fani yoziziritsa, popeza LED ikatentha imawala mofooka. Nyale ya LED ili ndi timagawo tambiri, ndipo kagawo kamodzi kakafa diso silingaone, koma pa selo pamatsala kamzere kosalimba.

Ngati zonsezi zili bwino, funsani ngati utoto ndi nyale n'zogwirizana. Nyale za LED zimawala pa utali umodzi wa mafunde, kawirikawiri 365, 385, 395 kapena 405 nm. Nyale za mercury zimawala mitundu yambiri, kuphatikizapo mafunde aafupi a UVC, a pakati pa 200 ndi 280 nm, amene amamezedwa pamwamba penipeni n'kulimbitsa chikopa. Utoto umene unapangidwira mercury ukaikidwa pansi pa LED ya 395 nm ukhoza kulimba mkati koma osasiya kunata, ngakhale mukweze nyale kufika pamapeto. Pamenepo njira ndi kupeza utoto wopangidwira LED, kapena kuuzira nayitrojeni pamalo owalitsira kuti okosijeni achepe, kapena kuwonjezera kanyale ka mafunde aafupi kumapeto komalizitsira pamwamba pokha.

Utoto wa mtundu wa epoxy, umene umalimba mwa njira yotchedwa cationic, ulibe nawo ntchito okosijeni. Mdani wake ndi chinyezi komanso mankhwala aliwonse a alkali kapena amine otsala pa chitsulo. Mtundu umenewu umapitiriza kulimba nyale itazima kale, kwa maola angapo, choncho musauweruze utangotuluka kumene. Dziwani mtundu umene muli nawo musanayambe kufufuza, apo ayi mudzasaka kolakwika.

Pamwamba palimba, pansi pali phala

Ili ndi loopsa kuposa kunata chifukwa limabisala. Chizindikiro chake ndi makwinya ang'onoang'ono ngati khungu la chala chimene chakhalitsa m'madzi, kapena utoto umene umasupuka wonse ngati chikopa mukaulasa ndi lezala. Tembenuzani chosupukacho. Kunsi kwake kukakhala konyowa, konata, kapena kukamanunkha fungo lakuthwa la utoto wam'chigubu, kuwala sikunafike pansi.

Kuwala kumachepa kukamalowa mkati, ndipo sikuchepa pang'onopang'ono mofanana; gawo lililonse limadya mlingo wake wa kuwala kotsala, moti kuwonjezera kukhuthala pang'ono kumadetsa pansi kwambiri. Mtundu wothiridwa mu utoto nawonso umameza kuwala: wakuda ndiye woipitsitsa, woyera wa titanium dioxide umatchinga kwambiri mafunde a UV, ndipo wabuluu uli ndi gawo lake. Utoto wa pa maselo umakhala wokhuthala cha m'ma micron 100, kuposa pang'ono tsitsi la munthu, ndipo pamlingo umenewu mpata wolakwitsa ndi wochepa. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti munthu akaona maselo akulephera hipot amawonjezera utoto, poganiza kuti wochuluka utchinga bwino. Utotowo umakhuthala, pansi n'kusiya kulimba, ndipo maselo olephera amachuluka. Iye amawonjezeranso.

Yezani kukhuthala ndi chipangizo cha eddy current, chimene ndi choyenera pa aluminiyamu malinga ndi ISO 2360, ndipo muyerekeze ndi pepala la malangizo a wopanga utoto. Ngati mukufunadi utoto wokhuthala, pakani kawiri mopyapyala. Gawo loyamba liwalitsidwe mongoligwiritsa kuti lisayende, osati kulimbitsiratu, chifukwa mukalilimbitsa mpaka kukhala ngati galasi, lachiwiri silipeza pogwira ndipo magawo awiriwa amadzalekana. Kupaka kawiri kuli ndi ubwino winanso waukulu: kabowo ka gawo loyamba sikakumana kawirikawiri ndi kabowo ka gawo lachiwiri. Mafunde aatali, a 395 ndi 405 nm, amalowa mozama kuposa a 365 nm, choncho pa vuto la pansi ndi amenewa othandiza. Onaninso thanki. Mtundu umadikha utoto ukakhala osavundulidwa, ndiye maselo a m'mawa amalandira utoto wosiyana ndi a madzulo.

Kupukuta ndi kansalu konyowetsa ndi mankhwala osungunula utoto a MEK kumangokuuzani za pamwamba. Amene ali ndi makina a FTIR, ozindikira mankhwala pogwiritsa ntchito kuwala kwa infrared, ayeze mbali zonse ziwiri za chosupukacho n'kuona chizindikiro cha acrylate wosagwirana cha pa 810 cm⁻¹. Chikakhala chachikulu kunsi kuposa pamwamba, yankho mwalipeza.

Walimba bwino koma sukugwira chitsulo

Apa nyale isiyeni. Kunsi kwa chosupukacho kuli kouma gwa, ndipo aluminiyamu watsala mbee ngati sanapakidwepo kanthu. Vuto lili pa zimene zinali pa chigoba utoto usanafike. Zigoba zimapangidwa pokankha aluminiyamu m'chikombole mothandizidwa ndi mafuta, ndipo mafutawo amatsalira. Pafupi ndi kabowo kothirira electrolyte pamakhala zodontha. Pali zidindo za zala. Ndiye pali silikoni, amene pang'ono pokha amakwanira kuononga maselo a tsiku lonse, ndipo amabwera ndi zinthu zosayembekezereka monga mafuta opopera pa lamba, magolovesi ena, ngakhale mafuta odzola m'manja.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Dontheza madzi oyera pa chigoba. Akamwazika n'kufalikira, chitsulo n'choyera. Akaima ngati kamkanda, pali mafuta. Zolembera za dyne, zoyezera mmene zamadzi zimafalikira pa chitsulo, zimapereka nambala yoti muzilemba tsiku ndi tsiku. Pa utoto wolimba kale, chekani timizere topingasana, matanipo tepi n'kuimatula, monga zilili mu ISO 2409 kapena ASTM D3359. Mu yoyambayo zabwino kwambiri ndi 0, mu yachiwiriyo ndi 5B.

Pali chinthu chimene ambiri sachidziwa za plasma, mpweya wopatsidwa mphamvu ya magetsi umene umauziridwa pa chigoba utoto usanapakidwe. Plasma imadzutsa nkhope ya chitsulo ndi kuchotsa kamafuta kopyapyala kwambiri, koma sichapa mafuta ochuluka. Mukaipatsa chigoba cha mafuta, imangowotcha pamwamba pa mafutawo, madzi n'kumafalikira bwino ngati zonse zili m'malo, pamene pansi pake mafuta akadalipo. Mafuta ochuluka amafuna kuchapa kapena laser, plasma ibwere pambuyo. Komanso mphamvu ya plasma sikhalitsa.

Mfundo yomalizayi ndinaiphunzira movutikira. Pamalo ena pamene ndinkagwira ntchito, utoto unkasupuka pa maselo ochepa tsiku lililonse, ndipo tinasintha nyale, tinasintha chigubu cha utoto, tinakangana ndi wotigulitsa, osaphula kanthu. Tsiku lina ndinakhala pansi ndi maselo okanidwa n'kuyamba kulemba nthawi imene lililonse linapakidwa. Pafupifupi onse anali a mphindi zoyambirira pambuyo pa nthawi yopuma. Tsiku lotsatira sindinapite kokadya. Ndinaima pambali pa mzere n'kumayang'ana. Lamba anaima, ndipo maselo angapo amene anali atadutsa kale pa plasma anatsala pakati, akudikira pansi pa paipi ya mpweya imene inkapemerera mwakachetechete. Nditaika pepala loyera kutsogolo kwa paipiyo, patapita kanthawi panaoneka kabwalo kachikasu. Sefa ya kompresa inali itatopa, ndipo inkalavulira nkhungu ya mafuta pa chitsulo chimene tinali titangochiyeretsa. Pamene lamba akuyenda, selo linkadutsa msanga osakola zambiri. Akaima, linkasamba mafuta. Tinasintha sefa, n'kukhazikitsa lamulo loti selo lililonse lodikira kupitirira nthawi yoikika libwerere ku plasma. Kuyambira pamenepo, pepala loyera kutsogolo kwa paipi ya mpweya ndi chinthu choyamba chimene ndimayesa paliponse.

Dziwaninso kuti utoto wa acrylate umafota ukamalimba, ndipo kufotako kumakoka pa malo ogwirana ndi chitsulo. Mukauwalitsa mwaukali kwambiri nthawi imodzi, kukokako kumakula. Ichi ndi chifukwa china chimene kukweza nyale kumaipitsira zinthu pa vuto la kusupuka.

Makona, m'mphepete ndi timabowo

Ndikanati ndibetche, ndikanati timadontho tanu tambiri tagwera m'makona. Zinthu ziwiri zimagwirizana kuononga pamenepo. Utoto wamadzi umathawa pakona yakuthwa n'kukaunjikana posalala, monga madzi amachitira pa mpeni. Ndipo mphamvu ya magetsi imaunjikana pamalo akuthwa omwewo. Ndiye pamene utoto uli wochepa kwambiri m'pamenenso magetsi amakankha kwambiri. Chipangizo choyezera kukhuthala sichiwerenga bwino pafupi ndi m'mphepete, choncho manambala a pakati akhoza kukhala okongola pamene pakona pali theka lokha. Njira yodalirika ndi kupaka chigoba chopanda kanthu, kuchidula, n'kuyang'ana pakona ndi maikulosikopu.

Chofunika kwambiri apa ndi nthawi ya pakati pa kupaka ndi kuwalitsa. Ikatalika, utoto umapeza mpata wothawa pakona. Ikafupika kwambiri, timathovu sitipeza mpata wotuluka ndipo pamwamba sipasalala. Muyenera kuipeza nthawi yoyenera poyesa, ndipo mukaipeza muisunge. Kutentha kwa utoto kumalowererapo: ukafunda umasungunuka n'kuyenda msanga, ukazizira umalemera ndipo umakola mpweya popopera. Ngati vuto lanu limabwera ndi nyengo, kapena limasiyana m'mawa ndi masana, ikani choyezera kutentha pa thanki ndi pa paipi ya utoto. Maselo obwera kuchokera m'nyumba yozizira nawonso amagwira mame osaoneka akalowa m'chipinda chofunda. Apatseni nthawi afanane ndi chipindacho.

Pitaninso ndi chala chovala golovesi m'mbali mwa mzere umene chivindikiro chinawotcheredwa ndi laser. Timinga ta chitsulo ndi tizidutswa tothetheka powotcherera timatuluka pamwamba pa utoto ngati nsonga ya singano, ndipo palibe utoto wa ma micron 100 umene ungabise kachitsulo kotalika mofanana nawo. Vuto limenelo n'la kowotcherera, ndipo likakonzedwe kumeneko.

Timabowo ta posalala timasiyana maonekedwe, ndipo maonekedwewo amanena gwero. Kabowo kozungulira bwino kokhala ndi milomo yotukuka ndi thovu limene linaphulika mochedwa. Chepetsani kuvundula mwamphamvu, lolani utoto upume mukauthira mu thanki, ndipo onani ngati pampu sikuyamwa mpweya polumikizira. Kadzenje kotakata kooneka ngati diso la nsomba, kokhala ndi kadontho pakati, ndi silikoni kapena mafuta. Kachitunda kokhala ndi ulusi mkati ndi fumbi la nsalu zopukutira kapena makatoni. Pa mizere yopaka ndi inkjet, kamzere kowongoka kopyapyala kotsata njira ya lamba ndi kabowo ka mutu wopopera kamene katsekeka, ndipo kawirikawiri kamatsekeka chifukwa kuwala kwa nyale kukunyezimira pa aluminiyamu n'kubwerera kumutuko. Tchingani pakati pa nyale ndi mutu.

Osaiwala kukayikira makina oyeserawo. Siponji kapena nsalu yodutsa magetsi imene imakumbatira selo imatha, ndipo ikatha siifika m'makona, moti maselo oipa amapambana. Ikagwira tizitsulo imalasa utoto wabwino. Poyesa ndi magetsi a AC, chigoba ndi siponji zimakhala ngati capacitor, kachipangizo kosunga magetsi kwakanthawi, choncho makina amawerenga magetsi oyenda ngakhale utoto uli bwino. Malire oikidwa poganizira DC sagwira ntchito pa AC. Chinyezi chikachuluka, magetsi amakwawa pamwamba pa utoto kuchokera m'mphepete mosapakidwa. Sungani selo limodzi lodziwika kuti n'labwino ndi lina lokhala ndi kabowo kodziwika, ndipo muziwadutsitsa pa makinawo poyamba ntchito. Ndipo musamayese selo limodzi kambirimbiri pa mavolti okwera, chifukwa kuyesa kulikonse kumatopetsa utoto.

Mthunzi

Pansi pa milomo ya chivindikiro, m'mbali mwa zogwirira selo, ndi m'tingalande ta busbar (tizitsulo tolumikiza maselo) kapena mbale zoziziritsira, kuwala sikufika molunjika. Kuwala kogwa mopendama n'kofooka kuposa kogwa molunjika. Tembenuzani selo, onjezani nyale ya m'mbali, kapena sinthani chogwirira. Pamene mthunzi sungapeweke, gwiritsani ntchito utoto wolimba pawiri, umene umamalizitsa ndi chinyezi cha mumpweya, koma muupatse masiku amene wopanga ananena musanauyese. Utoto wamadzi wotsala mumthunzi umayenderera pambuyo pake n'kudetsa ma terminal. Ndipo kabowo kotulutsira mpweya selo likafufuma kasapakidwe ngakhale pang'ono.

Nanga selo likutentha bwanji?

Anthu amati LED n'njozizira. N'zoona kuti siponya kutentha kwa infrared ngati nyale ya mercury, koma kuwala konse kumene utoto ndi chitsulo zameza kumasanduka kutentha, ndipo utoto weniweniwo umatulutsa kutentha ukamalimba. Muyenera kuyeza, osati kukhulupirira. Choyezera choloza patali chija chimanama pa aluminiyamu wonyezimira, chimaonetsa nambala yotsika kwambiri. Matani thermocouple, kawaya koyezera kutentha, pa selo loyeserera, pankhope yoyang'ana nyale komanso pafupi ndi tipulasitiki ta pa chivindikiro, ndipo mulidutsitse mzere wonse kuphatikizapo plasma ndi laser, chifukwa kutentha kumaunjikana. Chigoba chopanda kanthu chimatentha msanga kuposa selo lodzaza, choncho yesani ndi cholemera mofanana ndi chenichenicho.

Ngozi yaikulu simakhala pa kuyenda kwa masiku onse, imakhala pamene lamba waima selo lili pansi pa nyale. Yesani dala: imitsani lamba ndipo muone ngati nyale ikuzima yokha nthawi yomweyo. Ganiziraninso maselo obwerezedwa, amene amadutsa pansi pa nyale kachiwiri asanazizire. Ngati kutentha kukupitirira malire a wopanga selo, gawani kuwala pa nyale ziwiri kapena zitatu zokhala ndi mpata wa mphepo pakati, m'malo mwa imodzi yaukali yowala nthawi yaitali.

Nanunso dzitetezeni. Kuwala kwa UV kumapweteka maso ndi khungu musanamve kanthu, ndipo ululu umabwera patapita maola. Utoto wa acrylate wosalimba ukamakhudza khungu mobwerezabwereza, thupi limayamba kudana nawo, ndipo zikayamba sizitha; valani magolovesi a nitrile ndipo muwasinthe akangodetsedwa. Nyale za mercury zimabala mpweya wa ozone umene umafuna chotulutsira kunja.

Ming'alu yobwera mochedwa

Nthawi zina zonse zimapambana pamzere, koma pakatha milungu yoyesa potentha ndi pozizira, kapena m'chipinda cha madigiri 85 ndi chinyezi cha 85 peresenti, utoto umang'aluka m'makona kapena kutuluka matuza. Selo si chinthu chongokhala phee: limafufuma pang'ono likamatchajidwa n'kuphwa likamatha, ndipo likamakalamba limafufumiratu. Aluminiyamu ndi utoto zimakula mosiyana zikatentha. Utoto wowalitsidwa mopitirira umauma gwa n'kulephera kutsatira kuyenda kumeneku. Matuza nthawi zambiri amanena za mchere kapena zodontha za electrolyte zimene zinatsala pansi pa utoto, zimene zimakoka madzi kudutsa mu utotowo. Choncho mlingo wa kuwala uli ndi malire a pansi komanso a pamwamba. Apezeni onse awiri poyesa tizitsulo tingapo topakidwa utoto pa milingo yosiyana, ndipo muziyendera pakati. Yesaninso utotowo pamodzi ndi guluu amene adzamate selo m'bokosi, chifukwa mankhwala ena osalalitsa pamwamba amachititsa kuti guluu asagwire.

Chimene chimachititsa kuti mavutowa azibwerera n'chakuti palibe chimene chimasweka tsiku limodzi. Nyale imafooka pang'onopang'ono, galasi limada pang'onopang'ono, sefa imadzaza, nyengo imasintha, chigubu chatsopano chimabwera chosiyana pang'ono, wopanga zigoba amasintha mafuta osakuuzani. Chilichonse pachokha n'chochepa, koma zikakumana ziwiri kapena zitatu mzere umagwa. Ndiye mumasintha zinthu zisanu nthawi imodzi, vuto limatha, ndipo palibe amene akudziwa chimene chathandiza. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani. Poyamba ntchito tsiku lililonse lembani manambala a radiometer, kutentha kwa utoto, chinyezi cha m'chipinda, nambala ya dyne, kukhuthala pa malo okhazikika, ndi nambala ya chigubu ndi ya gulu la zigoba.

Pa maselo okanidwa, musapake utoto watsopano pamwamba pa malo obooka n'kuwabwezera pamzere. Pamene magetsi adutsa pamatsala kanjira ka mwaye, ndipo mwaye umadutsa magetsi. Pamene pansi sipanalimbe, gawo latsopano limangotchinga kuwala n'kukwirira phala. Chotsani utotowo mpaka pa chitsulo mwa njira imene wopanga selo walola, yeretsani, pakani mwatsopano, ndipo lembani pa mbiri ya selolo kuti ladutsa pansi pa nyale kawiri.